Malire a pa command line sanathe, musanamizidwe

Ndatopa kumva anthu akunena kuti masiku ano pa Linux mungapereke mayina a mafayilo ochuluka mmene mungafunire ku lamulo limodzi. Si zoona. Mu 2007, kernel (phata la Linux) ya 2.6.23 itatuluka, anachotsa malire akale a 128 KiB amene ankapanikiza ma argument onse (mawu amene mumapereka ku lamulo, monga mayina a mafayilo) pamodzi ndi ma environment variable (mfundo zosungidwa zimene lamulo limalandira likamayamba). Ntchitoyi anaigwira Ollie Wild ndi Peter Zijlstra. Kuyambira pamenepo malire amatengera kukula kwa stack (gawo la memory limene pulogalamu imapatsidwa), gawo limodzi mwa magawo anayi. Stack ikakhala 8 MiB, monga pa makina ambiri, mumapeza 2 MiB. Lembani getconf ARG_MAX mudzionere nokha.

Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti argument imodzi payokha, kapena variable imodzi imene mwaichita export (kuipereka ku malamulo onse obwera pambuyo), singapitirire mabayiti 131072 (128 KiB) pa makina ambiri. Malire amenewa alipobe.

Nkhani ya seva ya ofesi ina imandiwawabe mpaka lero. Script yosunga mafayilo usiku inkasonkhanitsa mayina onse mu variable imodzi n'kuichita export. Mnyamata amene anailemba anaiyesa ndi mafayilo ochepa, zonse zinayenda, ndipo anali atawerenga kuti malire anachotsedwa. Mafayilo atachuluka, variable ija inadutsa 128 KiB, ndipo lamulo lililonse lobwera pambuyo pake, ngakhale tar yeniyeniyo yomangira mafayilo pamodzi, linkakanidwa ndi uthenga wakuti "Argument list too long". Uthengawo unkatayidwa ku /dev/null, kumene chilichonse chimangozimiririka. Palibe amene anauona. Tsiku limene disiki inafa, tinatsegula foda ya backup n'kupeza mafayilo akalekale okhaokha. Mayi wa maakaunti anangokhala pampando, manja pa masaya, osayankhula. Ndikanayang'ana script ija msanga, sizikanafika apo.

Choncho mukamayesa script yotereyi, musayese ndi mafayilo khumi. Pangani ambirimbiri a mayina aatali, ena okhala ndi mpata pakati. Yesani argument imodzi yaikulu payokha. Tsitsani stack ndi ulimit -s muone pamene zikuthyokera, ndipo yesaninso kudzera mu cron (pulogalamu yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika), chifukwa environment yake si yofanana ndi ya pa terminal yanu.

Ndipo chonde, chenjerani ndi akatswiri a m'mphepete mwa msewu amene mankhwala awo ndi amodzi okha: ulimit -s unlimited, kutanthauza kuchotsa malire a stack. Sizikhudza n'komwe malire a argument imodzi, ndipo makernel atsopano salola kupitirira 6 MiB ngakhale mutatero. Wina akakuuzani zimenezo, m'funseni ngati amadziwa find -exec yothera ndi +, kapena xargs -0, zimene zimagawa mndandanda m'zigawo zokwana. Kwa tar, lembani mayinawo mu fayilo n'kuipereka ndi -T. Uthenga uja wa "Argument list too long" mukangouona kamodzi mu log, konzani tsiku lomwelo, backup ya usiku umenewo isanayambe.