Yunivesite imene Ku Klux Klan inkafuna kugula, ndi m'busa amene anaidzutsa

M'chaka cha 1923 nyuzipepala za ku America zinadzaza ndi nkhani yakuti gulu la Ku Klux Klan likugula yunivesite. Sukulu yake inali Valparaiso University, m'katauni ka Valparaiso m'chigawo cha Indiana, ulendo wa pafupifupi ola limodzi pa galimoto kuchokera ku Chicago. Nthawi imeneyo gululi linali ndi mphamvu zoopsa ku Indiana, ndipo linkadana ndi anthu akuda, Akatolika, Ayuda ndi aliyense wobwera. Sukuluyo inali itamira m'ngongole mpaka m'khosi, moti eni ake sankasankha wogula. Koma ndalama zimene a Klan analonjeza sizinaoneke, malonda n'kufera m'mazira.

Sukuluyi inali itafapo kale kamodzi. Anaiyambitsa a mpingo wa Methodist mu 1859, ikulandira anyamata ndi atsikana omwe, chinthu chosowa masiku amenewo, koma nkhondo yapachiweniweni inaifoola mpaka inatsekedwa mu 1871. Patatha zaka ziwiri mphunzitsi wina, Henry Baker Brown, anaitsegulanso ngati sukulu ya aphunzitsi ndi ya zamalonda. Nzeru ya Brown inali ya fizi yotsika ndi chakudya chotchipa, kuti mwana wa mlimi akwanitse. Ophunzira anafika masauzande angapo, anthu n'kuyamba kuitcha Harvard ya amphawi, poifanizira ndi yunivesite yotchuka ya Harvard. Brown atamwalira mu 1917, nkhondo yoyamba ya dziko lonse n'kutenganso anyamata, zonse zinayamba kugwa.

Amene anadzaigula mu 1925 anali anthu amene a Klan sakanawapatsa ngakhale moni: ana ndi zidzukulu za obwera kuchokera ku Germany, a mpingo wa Lutheran wa sinodi ya Missouri, ambiri a iwo akupempherabe m'Chijeremani. Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Sinodiyo siinagule sukuluyi. Anagula ndi abusa ena pamodzi ndi akhristu wamba, amene anapanga bungwe lawolawo lotchedwa Lutheran University Association. Sinodi inali kale ndi makoleji ake, ambiri otchedwa Concordia, koma ntchito yawo inali yosula abusa ndi aphunzitsi a sukulu za mpingo basi. Mwana wofuna uloya kapena uinjiniya ankapita ku yunivesite ya boma, ndipo makolo ankadandaula kuti akabwerako Lamulungu m'mawa sadzukanso. Ankafuna malo oti mwana aphunzire za malamulo ndi sayansi popanda kutaya katekisimu.

Walira mvula walira matope. Popeza sinodi sinali mwini, sinkalamula zochitika m'kalasi, koma sinalinso ndi udindo wolipira aphunzitsi. Mu 1929 sukuluyo inavomerezedwa ndi bungwe loona za maphunziro apamwamba m'chigawocho, ndipo chaka chomwecho chuma cha America chinagwa chagada. Zaka khumi zotsatira inangokhalira kupempha. Amayi a m'mipingo anapanga gulu lawo mu 1931, lotchedwa Guild, n'kumasonkha pang'onopang'ono zogulira zofunika pa sukulupo. Pofika 1940 ophunzira anali pafupifupi 400 okha, m'nyumba zakale zosiyidwa ndi Brown.

Chaka chimenecho m'pamene eni sukuluyo anaitana m'busa woti akhale mkulu wake, Otto Paul Kretzmann, amene aliyense ankangomutchula kuti O.P. Anabadwa mu 1901 ku Stamford, Connecticut, mwana wa m'busa, ndipo anakulira mu mzinda wa New York. Zimenezi zinamusiyanitsa ndi abusa anzake ambiri, amene anakulira m'midzi ya alimi ya pakati pa dzikolo. Anaphunzira zaubusa ku Concordia Seminary ku St. Louis, n'kuphunzitsa zaka khumi ku seminale ina ya sinodi ku Springfield, Illinois. Kuchokera 1934 anali mlembi wamkulu wa Walther League, bungwe la achinyamata a mpingowo, ndipo mu 1937 anayambitsa magazini ya The Cresset, yolemba za mabuku, nyimbo ndi ndale, zinthu zimene akulu ena a mpingo ankaziona ngati za kudziko.

Ine ndimaona kuti zaka zisanu ndi chimodzi za ku Walther League n'zimene zinamupatsa Valparaiso m'manja. Anayenda dziko lonse, kulankhula m'misasa ya achinyamata ndi m'misonkhano. Anyamata ndi atsikana amene anamumva kumeneko ndi amene anadzakhala ophunzira ake, kenako makolo otumiza ana, kenako opereka ndalama. Mkulu wa sukulu yopanda mwini wolemera amadya za lilime lake, ndipo lilime O.P. anali nalo.

Pomulonga udindo mu Okutobala 1940, mabomba akugwa pa London, analankhula za tsogolo la yunivesite yachikhristu. Mfundo yake, imene anaibwereza moyo wake wonse, inali yakuti chikhulupiriro chozama ndi nzeru zakuya zingathe kugona m'nyumba imodzi popanda chimodzi kuthamangitsa chinzake. Ankakonda kutchula Athens ndi Yerusalemu, mzinda wa anthu ofunsa mafunso ndi mzinda wa anthu opemphera. Mawu a pa chizindikiro cha sukuluyo, ochokera pa Salimo 36:9 onena za kuona kuwala m'kuwala kwa Mulungu, iye ankawamva kuti Mkhristu alibe chifukwa choopera choonadi chilichonse, ngakhale chotuluka m'labotale. Lero zimenezi zingamveke zachizolowezi. Mu sinodi ya Missouri ya 1940 sizinali choncho.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, lamulo la GI Bill la 1944 linalipirira asilikali obwerera kwawo maphunziro, ndipo Valparaiso inasefukira ngati makoleji ena onse. Chimene anthu a kumeneko amakumbukirabe ndi cha ophunzira uinjiniya. Sukuluyo inkangophunzitsa zaka zoyambirira za maphunzirowa, otsala n'kukamalizira kwina, chifukwa inalibe nyumba ya malabotale. Mu 1948 ophunzirawo, ambiri a iwo asilikali akale, anapita kwa Kretzmann n'kunena kuti ngati vuto ndi nyumba, amanga okha. Iye anavomera. Anasaka ndalama ndi zipangizo, kukumba maziko, kusakaniza simenti ndi kuyala njerwa ndi manja awo, ndipo digiri yathunthu ya uinjiniya inabwerera pa sukulupo.

Mu 1956 nyumba yakale yopemphereramo inapsa. Yatsopano, imene lero ikutchedwa Chapel of the Resurrection, inapatulidwa mu 1959 pa malo atsopano kum'mawa kwa sukulu yakale. Imalowa anthu pafupifupi 2,000, ndipo mbali ya kuguwa inatalika mamita ngati 30, yozunguliridwa ndi mawindo a magalasi amitundumitundu kuchokera pansi mpaka kudenga. Wina angafunse ngati sukulu yopemphapempha inkafunikadi tchalitchi chachikulu chotere pamene malipiro a aphunzitsi anali ochepa. Funsolo si lopusa. Koma O.P. ankafuna kuti aliyense wofika pa sukulupo aone ndi maso chimene chili pakati pa zonse.

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Abusa okhwimitsa chiphunzitso ankadandaula kuti ku Valparaiso kukuphunzitsidwa za kusinthika kwa zamoyo, kuti mapemphero ake afanana ndi a Akatolika, kuti aphunzitsi a zaumulungu alekereredwa. Kretzmann sankawayankha ndi ukali. Ankawanyengerera, kuwaseketsa, kuwaitana kuti adzaone okha, kwinaku aphunzitsi ake akupitiriza ntchito. Ufulu womwe uja wosakhala pansi pa sinodi unamulolanso kupereka malo kwa m'busa Andrew Schulze, amene kwa zaka zambiri anatumikira mipingo ya anthu akuda. Bungwe la Schulze lolimbana ndi tsankho mu mpingo, Lutheran Human Relations Association of America, linakhazikika pa sukulupo m'zaka za m'ma 1950. Komabe tisakometse: tauni ya Valparaiso inakhalabe ya azungu okhaokha mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1960.

Pamene Kretzmann ankatula pansi udindo mu 1968, atatumikira zaka 28, ophunzira anali pafupifupi 4,000, ndipo Christ College, koleji ya ophunzira ochita bwino kwambiri, inali itangotsegulidwa. Anamwalira mu 1975, patangopita chaka chimodzi chichokereni aphunzitsi ndi ophunzira ambiri pa seminale yake yakale ya St. Louis pa mkangano wa kamasuliridwe ka Baibulo. Mkono wa sinodi umene unagwedeza seminaleyo sunathe kufika ku Valparaiso.

Zaka zaposachedwa sukuluyi yabwereranso ku mavuto a ndalama. Sukulu yake ya zamalamulo inatsekedwa mu 2020, ndipo mu 2023 kunabuka mkangano akuluakulu atafuna kugulitsa zithunzi zitatu zamtengo wapatali, china chojambulidwa ndi Georgia O'Keeffe, kuti akonzere nyumba zogona ophunzira. Matimu ake a masewero, amene kale ankatchedwa Uhlans, dzina la asilikali a pa akavalo a ku Germany, anasinthidwa kukhala Crusaders, dzina la ankhondo achikhristu akale amene ankamenyera Yerusalemu, mu 1942, nthawi ya O.P., chifukwa dzina lachijeremani linkanunkha pa nthawi ya nkhondo. Mu 2021 dzina la Crusaders nalonso linachotsedwa, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti magulu a chidani, kuphatikizapo Ku Klux Klan, amakonda kuligwiritsa ntchito. Pano matimuwo ndi Beacons.