Chiwongolero cha Mini yakale chikalimba, vuto si kusowa kwa power steering

Anthu ambiri akagula Mini yakale n'kupeza chiwongolero chikulimba, amati galimoto zakale zinabadwa choncho ndipo mankhwala ake ndi kuikamo power steering, chipangizo chothandiza kupepukitsa chiwongolero, basi. Zimenezi si zoona.

Mini imene Alec Issigonis anakonza, yomwe inatuluka ku Britain mu 1959, inali yopepuka, yosafika makilogalamu 700, matayala ake ang'onoang'ono a mainchesi 10, ndipo chiwongolero chake chinali chachikulu. Inkakhota mosavuta. Kulimba kumene anthu amadandaula nako lero kawirikawiri kumabwera chifukwa eni ake anaika matayala otambalala ndi kachiwongolero kakang'ono kooneka bwino. Mpweya wochepa m'matayala akutsogolo ndi ma ball joint (mfundo zachitsulo zimene matayalawo amakhoterapo) ouma opanda girisi zimawonjezeranso vutolo.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti mota ya power steering imabisa matendawa. Dzanja silimvanso kulemera, koma zitsulo zotha zija zimapitirira kudyeka, tsopano zikukankhidwa ndi mphamvu yoposa kale.

Amene mikono yawo yafooka, kapena amavutika poimika galimoto pamalo opanikiza, angathandizikedi. Ku Britain ambiri amagwiritsa ntchito chitsulo cha chiwongolero chamagetsi cha galimoto ya Vauxhall Corsa. Koma chimadya magetsi ambiri, kotero dynamo yakale yotchaja batire iyenera kulowedwa m'malo ndi alternator, yomwe imapanga magetsi ochuluka, ndipo pamangiridwa motayo pafunika kulimbitsidwa bwino. Makaniko ayambe wakonza zakutsogolo kwa galimotoyo, kenako muyendetse n'kuona ngati mota ikufunikabe.