Ray Eames sanali mchimwene wa Charles

Ndatopa kumva ophunzira, ngakhalenso akatswiri anzanga ojambula mapulani a nyumba, akunena kuti "anyamata awiri apachibale a kwa Eames". Ray anali mkazi wa Charles, ndipo awiriwa anali akatswiri a ku America opanga mipando ndi kujambula mapulani. Anakumana ku Cranbrook Academy of Art ku Michigan, anakwatirana mu 1941 n'kusamukira ku Los Angeles. Chondipweteka kwambiri n'chakuti ena akadziwa zimenezi amalakwitsa moposa, amvekere mayiyo ankangosankha utoto ndi nsalu pamene bambo akuganiza zenizeni.

Ayi ndithu. Ray anaphunzira luso lojambula zithunzi kwa katswiri Hans Hofmann ku New York, ndipo diso lake ndi limene mumaliona pa mapindidwe a mipando yawo ya plywood. Plywood imeneyo ankaipinda limodzi m'chipinda cha nyumba yalendi, pa makina odzipangira okha opopedwa ndi pampu ya njinga. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, luso lomwelo linatulutsa zomangira miyendo yothyoka ya asilikali apamadzi a ku America. Nyumba yawo ya mu 1949 ku Pacific Palisades, dera la ku Los Angeles, nayo ndi umboni: zitsulo zitafika kale pamalopo, awiriwa anasintha pulani, n'kuikankhira nyumbayo m'mbali mwa chitunda, kuseri kwa mitengo ya bulugamu, kuti bwalo la udzu lisaonongeke. Ndani angaloze chitsulo chimodzi n'kunena kuti ichi n'cha bambo? Komatu mu 1946, Museum of Modern Art, nyumba yoonetsera zaluso ku New York, itaonetsa mipando yawo, pa mutu wa chionetserocho panali dzina la Charles yekha.

Nkhani imene imandisowetsabe mtendere ndi ya Denise Scott Brown, katswiri wa mapulani a nyumba wobadwira ku Nkana ku Zambia mu 1931 n'kukulira ku Johannesburg. Anakwatiwa ndi katswiri mnzake Robert Venturi mu 1967 ndipo ankagwira ntchito mu ofesi imodzi, kuphatikizapo pojambula mapulani a Sainsbury Wing, gawo la nyumba yoonetsera zithunzi ya National Gallery ku London. Mu 1991 mphoto ya Pritzker, yomwe ndi mphoto yaikulu ya akatswiri a mapulani a nyumba, inapita kwa Venturi yekha. Mu 2013 ophunzira a pa yunivesite ya Harvard anasonkhanitsa masiginecha zikwizikwi kuti dzina la mayiyu liwonjezedwe, koma oweruza anakana. Onani apa: munthu anali moyo, ntchito zake zinali chiimire, mwamuna wake yemwe anasaina nawo pempholo, koma cholembedwa kale sichinasinthike.

N'chifukwa chake ndimalimbikira kwa mabanja amene amagwira ntchito imodzi, kaya ndi ya mapulani, ya ukalipentala kapena yokongoletsa m'nyumba. Musati tidzakonza kampani ikadzakula. Mayina onse awiri alembedwe lero: pa satifiketi ya kampani, pa kontirakiti, pa akaunti ya kubanki, ndi pakona ya pulani iliyonse. Mmodzi akadzamwalira kapena banja likadzatha, achibale ndi akhoti adzayang'ana mapepala, osati amene ankachezera usiku pa tebulo lojambulira.

Chenjeraninso ndi madobadoba amene amati kasitomala amakhulupirira dzina la mwamuna, choncho la mayi lisaoneke. Ndi omwewonso amabwereka chidindo cha katswiri wolembetsedwa n'kudinda mapulani amene mwini chidindo sanawaonepo. Ngati mukumangitsa nyumba, funsani amene wajambula, mukumane naye maso ndi maso, ndipo ngati ali awiri, onse akhalepo pokambirana.