Kuwonjezera magazi kwa wodwala sickle cell chifuwa chikabanika

Mwana wa sickle cell akagonekedwa chifukwa cha kuphwanya kwa mafupa, tsiku lachiwiri ndi lachitatu ndi pamene timakhala tcheru kwambiri. Akayamba kutentha thupi, kutsokomola, kupuma mofulumira, ndipo X-ray ikaonetsa mthunzi watsopano m'mapapo, matendawo ndi aja madokotala amawatcha acute chest syndrome. Amaoneka ngati chibayo, koma mkatimo maselo ofiira opindika ngati zenga amakhala atatseka timitsempha ta m'mapapo. Mpweya ukachepa m'magazi, maselo enanso amapindika, mapapo nkumatsekekerabe. Okosijeni ndi maantibayotiki monga ceftriaxone ndi azithromycin zimayamba nthawi yomweyo, koma mwana akamaipiraipira, chomwe chimaimitsa zimenezi ndi magazi a munthu wopanda sickle cell, poti maselo ake sapindika.

Hemoglobini, yomwe imanyamula okosijeni m'maselo ofiira, ikatsika ndi 1 g/dL kapena kuposerapo kuchokera pomwe imakhala masiku onse, timawonjezera maselo ofiira okhaokha, mamililita 10 pa kilogalamu iliyonse. Mwana wa makilogalamu 20 amalandira mamililita 200, pang'onopang'ono, osapitirira maola 4 pa thumba limodzi. Apa pali malire amene makolo ambiri amadabwa nawo: sitifuna hemoglobini ipose 10. Ikakwera kwambiri maselo opindika adakali ambiri, magazi amalimba, amayenda movutikira, ndipo mwana atha kuchita sitiroko.

Ndiye chifukwa chake wodwala amene hemoglobini yake ili kale pa 9, kapena amene okosijeni wake akutsikirabe, amafunika kusinthidwa magazi: timachotsa ake pang'onopang'ono nkumaikamo ena, mpaka hemoglobini ya sickle itatsika kufika pansi pa 30 peresenti. Popanda makina osinthira magazi, zimatheka ndi majakisoni akuluakulu, koma pamafunika matumba angapo ndi anthu ozolowera ntchitoyi.

Choopsa china chimabwera mochedwa, pakapita masiku 5 mpaka 14 mwana atalandira magazi. Thupi lomwe lidalandirapo magazi kale limatha kuphwanya maselo atsopanowo: maso achikasu, mkodzo wakuda, ululu kubwereranso. Kuwonjezeranso magazi pamenepo kumatha kuipitsa zinthu. Kuyeza gulu la ABO ndi Rh D kokha sikuteteza mokwanira. Komwe kungatheke, zizindikiro zina za pa maselo ofiira zotchedwa C, E ndi Kell ziyenera kufanananso. Makolo, onetsetsani kuti tsiku lililonse lomwe mwana walandira magazi lalembedwa m'buku lake la kuchipatala, ndipo muwauze adokotala musanafunsidwe nkomwe.