Mustang yakale m'galaja: kholo ndi mwana ayambire pa mabuleki, asaiphwasule yonse

Pamasamba otsatsa galimoto zakale ku America sipasowa malonda a mtundu uwu: Mustang kapena Camaro yochotsedwa injini, magalasi ali pakona, mipando ili pamwamba pa denga, mabawuti ali m'zitini, mwini wake akulonjeza kuti zida zonse zilipo. Ena mwa ogulitsawa anagula galimotoyo ndi cholinga chabwino. Ankafuna kuikonza limodzi ndi mwana wawo wa zaka 14 kapena 15, kuti akamafika zaka 16, msinkhu womwe madera ambiri a dzikolo amapereka laisensi, ikhale ili pamsewu. Sabata yoyamba yomweyo anaimasula yonse ndi chisangalalo. Pofika chaka chachitatu mwana anali atapita ku koleji, galimoto ikadali m'mabokosi.

Monga makaniko, langizo langa kwa kholo lofuna ntchito yotereyi ndi limodzi: gulani galimoto yoti ikulira kapena yatsala pang'ono kulira, ndipo izikonzedwa ikuyenda, chigawo chimodzi nthawi imodzi. Munthu wamkulu angathe kudikira zaka zisanu kuti aone zotsatira. Mwana wa zaka 15 sangathe, ndipo si cholakwa chake. Zaka zomwe adzakhale nanu pakhomo n'zowerengeka.

Galimoto zomwe zimatchedwa muscle car, za ku America za injini zikuluzikulu zamphamvu, zinapangidwa nyengo yochepa chabe. Ambiri amawerengera chiyambi chake pa Pontiac GTO ya 1964, pomwe injiniya wa Pontiac John DeLorean ndi anzake anatenga injini ya V8, ya masilinda asanu ndi atatu, ya malita 6.4 ya galimoto zikuluzikulu n'kuilowetsa m'thupi lopepukirapo la Pontiac Tempest. Chaka chomwecho, pa 17 April, Ford inaonetsa Mustang ku New York World's Fair pamtengo woyambira $2,368, ndipo zaka ziwiri zisanathe inali itapanga zoposa miliyoni imodzi. Chevrolet inayankha ndi Camaro ya 1967. Pofika 1970 panali Chevelle SS 454 ya horsepower 450. Kenaka mitengo ya inshulansi inakwera, lamulo la Clean Air Act la 1970 linakhwimitsa za utsi, ndipo kusowa kwa mafuta kwa 1973 kunatseka nyengoyo.

Pa zonsezi, ya banja ndingasankhe Mustang ya 1965 kapena 1966 ya denga wamba, osati fastback, ya denga lotsetsereka mpaka kumbuyo, yomwe mtengo wake unakwera kalekale. Chifukwa chake n'chakuti zinapangidwa zambiri, motero pafupifupi chida chilichonse chimapangidwabe chatsopano lero, kuyambira labala wa pachitseko mpaka chitsulo cha pansi popondapo. Kampani ya Dynacorn imapanganso thupi lonse la mitundu ina ya Mustang ndi chilolezo cha Ford. Pansi pake galimotoyi ndi Ford Falcon, galimoto wamba ya banja yosavuta kuimvetsa. Mwana akatsegula boneti amatha kuona chida chilichonse n'kuloza ntchito yake, zomwe sizitheka pa galimoto ya masiku ano yokutidwa ndi mapulasitiki ndi makompyuta. Amene munazolowera Toyota mudziwiretu kuti masipanala anu a mamilimita sagwira bwino pano. Mabawuti ake ndi a mainchi, ndipo sipanala ya 1/2 ndi ya 9/16 ndi zomwe sizichoka m'manja.

Pa nambala ya chasisi, chilembo chachisanu chimanena injini yomwe galimoto inatuluka nayo ku fakitale. T ndi ya masilinda asanu ndi limodzi ya malita 3.3, horsepower 120. C ndi V8 ya 289, yomwe ndi malita 4.7, ya horsepower 200. A ndi 289 yomweyo ya horsepower 225. K ndi ya horsepower 271, yosowa komanso yodula. T kapena C ndi yokwanira. Musagule ya T n'cholinga chodzaikamo V8 mosavuta, chifukwa ya masilinda asanu ndi limodzi ili ndi mabuleki ang'onoang'ono, ekiselo yopepuka ndi matayala a manati anayi pomwe ya V8 ili ndi asanu. Kusintha injini kumakoka zonsezo. Ndipo musapereke ndalama chikalata cha umwini chisanaoneke, nambala yake ikufanana ndi ya pagalimoto.

Tsopano za dzimbiri, pomwe ndikufuna kukhalitsapo. Injini yofa ndi nkhani yaing'ono, imamangidwanso kapena kugulidwa ina. Dzimbiri ndi lomwe limadya ndalama, nthawi ndi mtima wa mwana. GTO ndi Chevelle zili ndi chasisi chapadera chomwe thupi limakhalapo. Mustang ilibe. Thupi lake lomwelo ndi lomwe limanyamula injini, masipuling'i ndi anthu, choncho chitsulo cha pansi chikawola, mphamvu ya galimoto yonse yapita. Zogulidwa kumadera ozizira monga Michigan ndi Ohio, komwe amathira mchere m'misewu nyengo ya chipale, zimakhala zodyeka kwambiri kuposa za kouma monga Arizona.

Popita kukaona galimoto tengani tochi, sikuludilaiva, maginito ndi botolo la madzi, ndipo mwana apite nawo. Lowani pansi muyang'ane zitsulo ziwiri zoyenda m'litali, malo omwe zimalumikizana ndi thupi kumbuyo kwa matayala akutsogolo, ndi pomwe masipuling'i akumbuyo amamangidwa. Bayani ndi sikuludilaiva. Chitsulo chabwino chimalira, chowola chimalowa. Maginito muwayendetse m'munsi mwa zitseko ndi mozungulira matayala akumbuyo. Pomwe sakugwira pali phala lomatira lobisidwa ndi penti. Madziwo ndi a malo amodzi odziwika pa Mustang: timipata ta mpweya tomwe tili pakati pa boneti ndi galasi lakutsogolo. Thirani mmenemo mwana atagona mkati ndi tochi. Madzi akadontha pansi pa dashibodi, mkatimo mwabooka, ndipo kukonza kwake kumafuna kuchotsa galasi ndi zitsulo zokuta matayala akutsogolo, kuboola malo owotcherera ambirimbiri n'kuwotchereranso. Imeneyo si ntchito yoyambira mwana. Galimoto ya penti wosuluka koma chitsulo cholimba ndi yabwino kuposa yonyezimira yowola kunsi, ngakhale itakhala yokwera mtengo.

Ikafika pakhomo, mtima umathamangira ku injini, kuti timve kulira kwa V8. Ine ndimati yambani ndi mabuleki. Mustang za 1965 ndi 1966 zinatuluka ndi master cylinder, pampu yomwe pedulo imakankha, ya chipinda chimodzi, kutanthauza kuti mafuta a mabuleki a matayala onse anayi ali panjira imodzi. Paipi imodzi ikaphulika, phazi limafika pansi galimoto osaima. Kuyambira pa ya 1967 Ford inaika ya zipinda ziwiri, kutsogolo payokha kumbuyo payokha, ndipo kusintha yakale kuti ikhale yotero si kodula. Chitani zimenezo, sinthani mapaipi onse a labala, muonenso achitsulo ngati adyeka. Zambiri zinali ndi mabuleki a dramu ku matayala onse, omwe amafooka akatentha potsika phiri. Kuika a disiki kutsogolo ndi ndalama yomwe sindinganong'oneze nayo bondo. Ubwino wina ndi wakuti ntchito ya mabuleki imafuna anthu awiri: mmodzi amapopa pedulo, wina amatsegula kapaipi kotulutsira mpweya, akuuzana nthawi yopondereza ndi yosiya. Mwana amamva ndi phazi lake pedulo ikusintha kuchoka pofewa kufika polimba, tsiku lomwelo.

Matayala asinthidwe ngakhale akuoneka atsopano. Pambali pa tayala pali manambala anayi otsiriza pa mzere woyamba ndi zilembo za DOT, awiri a sabata ndi awiri a chaka chomwe linapangidwa. Ngati alipo atatu okha, tayalalo linapangidwa chisanafike chaka cha 2000.

Kenaka petulo. Wokhalitsa m'thanki amasanduka phula lotseka kabuleta, ndipo petulo wa lero wosakaniza ndi ethanol amadya mapaipi akale a labala. Pa Mustang za 1965 mpaka 1970 pamwamba pa thanki ndi pomwe pali pansi pa buti, ndipo pakati pa buti ndi mpando wakumbuyo palibe chitsulo chotseka. Galimoto ikagundidwa kumbuyo mwamphamvu, petulo atha kufika kwa anthu. Pali chitsulo chogulitsidwa chotsekera kuseri kwa mpandowo, ikani.

Injini yomwe yakhala zaka osalira isalizidwe ndi kiyi tsiku loyamba. Chotsani mapulagi, thirani oyilo pang'ono m'silinda iliyonse, muizungulitse ndi dzanja pogwiritsa ntchito sipanala pa bawuti ya kutsogolo. Ikazungulira, yezani kompuresheni. Masilinda onse akayandikana, osasiyana kupitirira magawo 10 pa 100, isiyeni momwemo, musaitsegule. Mwana alembe yekha manambalawo m'kope. Oyilo asankhidwe mosamala, chifukwa camshaft, chitsulo chozungulira chotsegula mavalavu, ya injini zimenezi imakhulana ndi zitsulo zafulati zomwe zimafuna oyilo wokhala ndi zinc wokwanira, pomwe oyilo wambiri wa masiku ano anachepetsedwa zinc kuti asaononge zosefera utsi. Mawaya a mapulagi a 289 amatsata dongosolo la 1-5-4-2-6-3-7-8. Awiri akasinthana injini imatsokomola ndi kuphulitsa moto ku kabuleta, ndipo kusaka chomwe chalakwika ndi phunziro labwino kwambiri lomwe mungamusiyire mwana madzulo amodzi. Kabuleta nayo ndi yake. Imachoka ndi manati anayi, imamasulidwa patebulo, ndipo zida zake zatsopano zimabwera ndi chithunzi cholondolera.

Apa ndi pomwe makolo ambiri, makamaka odziwa ntchito, zimawavuta. Bawuti ikakana, dzanja la bambo kapena mayi limafika lokha pa sipanala. Mukatero kawiri katatu, mwana amasanduka wogwira tochi, ndipo wogwira tochi sachedwa kubwerera ku foni yake. Musiyeni alimbane nayo, athire mafuta ofewetsa, adikire, ayesenso. Akathyola bawuti aphunzire kuiboola n'kutulutsa chotsalira. Buku la fakitale la galimotoyo likhale m'manja mwake, iye ndiye aziwerenga mlingo womangira bawuti iliyonse. Chida chisanachoke pamalo pake achijambule ndi foni, tizitsulo take alowetse m'kathumba kolembedwa dzina. Ndipo ntchito ya Loweruka ikhale yoti ithe Loweruka lomwelo, kapena lotsatira, galimoto ibwerere pamatayala ake.

Pali zina zomwe kholo liyenera kuumirira popanda kukambirana. Palibe kulowa pansi pa galimoto yomwe yaima pa jeke yekha. Pafunika zitsulo zochirikizira, pasimenti, matayala otsala atatsekerezedwa. Batire lichotsedwe musanagwire mawaya kapena petulo, chozimitsira moto chili pafupi. Fumbi la m'madramu ndi la kilatchi yakale litha kukhala ndi asbestos, choncho musaliuzire ndi mpweya, linyowetseni n'kupukuta. Malo ena olumikizira thupi ku fakitale anamatidwa ndi mtovu, ndipo kupala pamenepo popanda chotchinga mphuno choyenera n'kudzipweteka. Sipuling'i yakutsogolo ya Mustang imakhala yopanikizika ndi mphamvu yoti ikapulumuka ingaphe munthu, motero imeneyo ikhale ya munthu wamkulu wodziwa, mwana akuonera patali. Penti wa masiku ano wosakaniza ndi choumitsa ali ndi mankhwala a isocyanate oononga mapapo. Kupopera kupite kwa odziwa okhala ndi chipinda chake.

Pa ndalama, chenjerani ndi mabuku otsatsa zida. Mawilo onyezimira alimo, chiwongolero chamatabwa chilimo, paipi ya utsi yobangula ilimo, ndipo paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Khalani pansi ndi mwana mulembe zomwe zikufunika kuti galimoto iime bwino, ikhote bwino, isatenthe ndiponso magetsi ayake, ndipo zokongoletsa zidikire. Ngati amagwira kaganyu, agule yekha chida chimodzi chomwe wachikonda. Musayembekezere kudzapeza phindu poigulitsa. Pa Mustang wamba, ndalama zokonzera bwinobwino kawirikawiri zimaposa mtengo wogulitsira. Penti abwere kumapeto kwenikweni, chifukwa ndi wodula, amatenga miyezi, ndipo sipanala imodzi yogwa imamukanda.

Funso lomwe makolo sakonda kulimva ndi lakuti kodi ikatha, ikhale galimoto yopitira kusukulu tsiku ndi tsiku? Ine ndimakana. Mu 2009 bungwe la ku America loyesa chitetezo cha galimoto la Insurance Institute for Highway Safety linagundanitsa Chevrolet Bel Air ya 1959 ndi Chevrolet Malibu ya 2009. Yakale ija, yomwe anthu ankaiona ngati chitsulo chenicheni, inapindika mpaka pomwe pamakhala woyendetsa, pomwe chipinda cha yatsopano chinakhala pafupifupi chathunthu. Mustang ya 1966 ili pafupi ndi Bel Air kuposa Malibu. Ilibe airbag, ilibe ABS yoletsa matayala kutsetsereka poponda mabuleki, mipando yake ilibe chotsamira mutu, malamba ake ndi a m'chiuno okha, ndipo ndodo ya chiwongolero ndi chitsulo chosafupika pangozi. Chofupika Ford inayamba kuika pa ya 1968. Malamba odutsa paphewa ndi mipando yaitali mutha kuika, ndipo muike ndithu, koma thupilo silingasinthe. Woyendetsa watsopano wokhala ndi V8 yokankha matayala akumbuyo pamsewu wonyowa ali pachiopsezo chenicheni.

Choncho ya tsiku ndi tsiku ikhale ina yamakono, ngakhale yotchipa. Mustang aiphunzire pabwalo lopanda galimoto zina, inu muli pambali pake, aponde mabuleki mwamphamvu kangapo kuti adziwe mtunda womwe imafuna kuti iime komanso momwe matayala amagwirira n'kuyamba kutsetsereka. Pambuyo pake muzituluka nayo masana, kunja kuli kouma, pamisewu yomwe akuidziwa, ndipo mufunsiretu a inshulansi, chifukwa makampani ena a inshulansi ya galimoto zakale salola woyendetsa wa msinkhu umenewo.