Mukapeka chilankhulo, lembo lokoka mulilembe kawiri

Achinyamata olemba masewero kuno ku Dedza ayamba kupeka zilankhulo zoti azilankhula mizimu kapena mafumu a m'nthano zawo. Zimandisangalatsa. Koma ndatopa kubweza makope chifukwa cha vuto limodzi lomweli: patsamba loyamba "sela", patsamba lachitatu "seela", mawu omwewo. Ndikafunsa, akuti, "Timangokoka pang'ono, aphunzitsi."

Kukokako kukusintha tanthauzo kapena ayi? Yambani mwayankha funso limeneli. Nenani "ndikupita kumunda", mumvetsere "mu" uja mmene akutalikira. Chichewa chimakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto tikamatsiriza chiganizo, koma palibe amalemba "kumuunda", chifukwa munda ndi womwewo. Pomwe kuluka mphasa ndi kuuluka kwa mbalame n'zosiyana, ndiye "u" wachiwiriyo sitingamutaye. Anthu a ku Finland amati "tuli" kunena moto, "tuuli" kunena mphepo. Esperanto, chilankhulo chochita kupeka chimene munthu wina dzina lake Zamenhof anachitulutsa mu 1887, chili ndi malembo a liwu asanu ngati athuwa ndipo sichisiyanitsa lalifupi ndi lalitali. Ngati chilankhulo chanu chili chotero, musalembe kalikonse kowonjezera.

Ngati chikusiyanitsa, lembani lembolo kawiri basi. Inde, Amaori a ku New Zealand ndi anthu a ku Latvia amaika kamzere pamwamba (ā), a ku Hungary kamzere kopendekeka (á). Koma ife tili ndi phunziro pakhomo pomwe. Kachipewa ka ŵ mu "Malaŵi" munakaona liti pa WhatsApp?

Pali mnyamata wina wa Fomu 3 amene nkhani yake imandiwawabe. Anapeka mawu odzaza makope awiri a sewero la kalabu yawo, ndipo khutu ali nalo labwino: "toma" anati ndi mvula, "tooma" ndi maliro. Anapereka makopewo kwa munthu wina wotayipa pa kompyuta pabomapa, wodzitcha mkonzi wa mabuku. Uyo anaona malembo obwereza, n'kuganiza kuti mwana walakwitsa, n'kuwafufuta onse, ndalama n'kulandira. Anzake analoweza zotayipazo masabata atatu. Pofika kwa ine, mfumu ya m'sewerolo inali kupempha mizimu kuti igwetse mvula ndi mawu omwewo olengezera maliro, ndipo mwiniwake sankakumbukiranso kuti mawu ena ankawakoka pati, poti makope aja anasiyidwa komweko n'kusowa.

Chonde, wokutayipirani musamupatse kope lanu lokhalo. Mufunseni kaye kusiyana kwa "akulu" ndi "aakulu". Akangokanda kumutu, nyamulani makope anu. Amene akulonjeza "kukongoletsa" mawu anu ndi timadontho ndi tizipewa, naye mukaneni. Ndipo musati lamulo la kalembedwe mudzakhazikitsa sewero likatha. Lilembeni patsamba loyamba mawu asanakwane 50, mujambulenso liwu lanu pafoni mukuwatchula limodzilimodzi.

Mnyamata uja timakhala naye Lachisanu lililonse masana, ine kutchula, iye kutseka maso n'kumvetsera. Tapulumutsa pafupifupi theka. Enawo akuchita kupekanso.