Chipewa chimene chinanyongetsa anthu ku Turkey

Mu Ogasiti 1925, Mustafa Kemal, pulezidenti woyamba wa dziko la Turkey, anakayendera Kastamonu, dera la kumpoto limene anthu ake ankadziwika kuti salola kutaya za makolo. Anatulukira atavala chipewa cha khonde, chija amati Panama. Anthu anamulandira ndi ulemu, pakuti uyu ndiye msilikali amene anali atangopirikitsa Agiriki ndi kupulumutsa dziko, koma maso a ambiri anali pamutu pake. Atafika padoko la İnebolu anawauza mosapita m'mbali kuti anthu otukuka amavala suti, taye ndi chipewa, ndipo anthu a ku Turkey nawonso azivala zomwezo. Patatha miyezi itatu, pa 25 Novembala, nyumba ya malamulo ku Ankara inakhazikitsa lamulo nambala 671, lokakamiza aphungu ndi ogwira ntchito m'boma kuvala chipewa, ndi kuletsa amuna onse zovala zakumutu zakale. Chimene ankalimbana nacho kwenikweni ndi fez, chisoti chofiira chonga mzuli, chokhala ndi mphonje yakuda yolendewera.

Munthu wa lero akhoza kuseka kuti boma lathunthu linkataya nthawi ndi zipewa. Koma mu ufumu wa Ottoman, umene unkalamulira Turkey kale, munthu ankadziwika ndi chimene wavala pamutu. Nduwira ya shehe inali yosiyana ndi ya msilikali, ya msilikali yosiyana ndi ya wamalonda, ndipo Akhristu ndi Ayuda anali ndi zawozawo. Ngakhale kumanda, pamwamba pa mwala wa chiliza ankasemapo chovala chakumutu cha malemuyo kuti odutsa adziwe udindo wake. Msilamu akamaswali amagunditsa chipumi pansi mutu uli wofunda, ndiye khonde la chipewa limamutchinga. N'chifukwa chake chipewa chinkaonedwa ngati cha Akhristu a ku Ulaya, ndipo kwa ambiri Msilamu wochivala anali ngati walengeza kuti watuluka m'chipembedzo.

Chodabwitsa pa mkangano wonsewu n'chakuti fez imene anthu ankaifera ngati chovala cha makolo inali isanathe n'komwe zaka 100 ili yovomerezeka. Anaibweretsa ndi Sultan Mahmud II, nayenso mokakamiza. Mu 1826 mfumuyi inaphwasula gulu lakale la asilikali lotchedwa Janissary, ndipo mu 1829 inalamula kuti ogwira ntchito m'boma avule nduwira n'kuvala fez. Cholinga chinali chofanana ndi cha Kemal: kufafaniza zizindikiro zosiyanitsa anthu, kuti mlembi wachisilamu ndi wachikhristu aoneke chimodzimodzi pamaso pa boma. Okonda mwambo a nthawiyo anakwiya mpaka kumutcha mfumu yachikunja. Adzukulu a anthu omwewo ndi amene mu 1925 ankati wovula fez wasiya Chisilamu. Ndipo zisoti zambiri sizinkapangidwa n'komwe ku Turkey. Zinkachokera m'mafakitale a ufumu wa Austria-Hungary, makamaka m'tauni ya Strakonice ku Bohemia, moti Austria-Hungary italanda Bosnia, dera la ufumu wa Ottoman, mu 1908, anthu a ku Istanbul ponyanyala katundu wake anapezeka akuvula chisoti chawo chomwe.

Lamulo la chipewa silinabwere lokha. Ufumu unathetsedwa mu Novembala 1922, dziko linakhala ripabuliki pa 29 Okutobala 1923, ndipo pa 3 Malichi 1924 udindo wa khalifa, amene Asilamu ambiri padziko ankamuona ngati mutu wawo, unathetsedwanso. Mu Febuluwale 1925 Sheikh Said anatsogolera Akurdi a kum'mawa kuukira boma. Boma linapezerapo mwayi: linadzipatsa mphamvu zapadera, linatseka nyuzipepala ndi chipani chotsutsa, n'kudzutsanso makhoti apadera amene ankayenda chigawo ndi chigawo ndipo ankagamula za imfa mwachangu. Choncho pamene nkhani ya chipewa inkafika, chingwe chinali chitamangidwa kale. Phungu wa ku Bursa, Nureddin Pasha, yemwenso anali kazembe wankhondo wotchuka, anayesa kunena m'nyumba ya malamulo kuti lamuloli likuphwanya ufulu wa munthu, koma anzake anamukuwiza.

Zipolowe zinabuka ku Erzurum, Sivas, Maraş, Rize ndi m'matauni ena. Ku Rize boma linatumiza sitima yankhondo yotchedwa Hamidiye. Makhoti aja anatsatira pambuyo, ndipo anthu ananyongedwa, ena n'kupatsidwa zaka zambiri kundende. Mlandu umene anthu sauiwala mpaka lero ndi wa İskilipli Atıf Hoca, mphunzitsi wachisilamu amene mu 1924 analemba kabuku kotsutsa kutsanzira azungu pa kavalidwe. Kabukuko kanatuluka lamulo la chipewa lisanakhaleko, komabe anamumanga, namuzenga mlandu ku Ankara, n'kumunyonga pa 4 Febuluwale 1926. Oikira kumbuyo boma amati chinamuphetsa si kabukuko, koma kuti pa nthawi ya nkhondo anali kumbali ya mfumu yotsutsana ndi Kemal. Zoti anthu onsewa ankaimbidwa mlandu woukira boma, osati wokana chipewa, n'zoona. Koma ine ndimaona kuti kusiyanitsa kumeneku n'kwa pa pepala chabe, chifukwa chimene chinawatulutsa m'misewu ndi chipewacho, ndipo boma linkadziwa bwino lomwe kuti chidzatero.

N'chifukwa chiyani wolamulira wanzeru chotero anasankha kuyambana ndi anthu pa chinthu chovala? Zimene munthu amakhulupirira mumtima wapolisi sangazione, koma mutu amauonera patali. M'mawa umodzi pamsika boma linkatha kudziwa amene wagonja ndi amene akuchita makani. Sanali woyamba kuganiza chonchi. Ku China, mafumu a Manchu atalanda dzikolo analamula mu 1645 kuti mwamuna aliyense amete chakutsogolo n'kuluka tsitsi lalitali kunkhongo, wokana adulidwe khosi. Ufumuwo utagwa, boma latsopano la Sun Yat-sen linalamula mu 1912 kuti tsitsilo lidulidwe, ndipo asilikali ankagwira alimi pazipata za mizinda n'kuwameta ndi sizasi, iwo akulira kuti akuwalanda mwambo wa makolo. Kazembe wina wankhondo, Zhang Xun, anakaniza asilikali ake kumeta, mpaka mu 1917 anayesa kubwezeretsa mfumu Puyi pampando, zimene sizinathe n'komwe milungu iwiri.

Ku Turkey anthu wamba anapeza njira yawo. Zipewa zinali zosowa ndiponso zodula, moti ogwira ntchito m'boma ankapatsidwa ngongole yogulira. Alimi anasankha kapusi yophwatalala ya kakhonde kakang'ono kutsogolo, ndipo nthawi yoswali ikakwana ankangoitembenuzira kumbuyo, chipumi n'kufika pansi bwinobwino. Wapolisi analibe chonena, shehe nayenso analibe chonena. Kapusi imeneyi, yomwe inabwera ndi lamulo lowawa, ndi imene lero imadziwika ngati chovala cha madala akumudzi.

Zosintha zolemera kuposa chipewa zinabwera pambuyo ndipo sizinakumane ndi zipolowe ngati zija, mwina chifukwa anthu anali ataona kale zimene zinagwera otsutsa. Mu 1926 anatenga malamulo a m'banja a ku Switzerland, mitala n'kutha. Mu 1928 zilembo za Chiarabu zinalowedwa m'malo ndi za Chilatini. Mu 1934 aliyense analamulidwa kukhala ndi dzina la banja, ndipo m'pamene Kemal anatchedwa Atatürk. Chaka chomwecho amayi analoledwa kuvota pa zisankho za aphungu. Koma nsalu yofunda amayi kumaso Kemal sanaiikire lamulo la dziko lonse. Anasiyira makhonsolo ena kuti aletse okha m'madera mwawo.

Reza Shah, mfumu ya ku Iran, amene anakacheza ku Turkey mu 1934, sanasamale choncho. Atabwerera kwawo analamula amuna kuvala chipewa cha khonde, ndipo mu Julayi 1935 asilikali ake anawombera anthu otsutsa amene anasonkhana pa mzikiti wa Goharshad ku Mashhad. Mu Januwale 1936 analetsanso amayi kufunda, apolisi n'kumawavula nsalu m'misewu. Amayi ambiri anangosiya kutuluka m'nyumba mpaka iye atachoka pampando mu 1941.